LAISENSI YA KUPHULITSA MIYALA: KUMENE INACOKERA

Nkhani yathu ya lero ndi ya kapepala kakang'ono, kamene amuna ambiri a ku Nkana, ku Mufulira, ku Nchanga ndi ku Luanshya anakavutikira zaka zambiri, ndiko laisensi ya kuphulitsa miyala.

Munthu ali yense wogwira nchito pansi pa mgodi adziwa kuti si munthu wamba amene aloledwa kulonga dainamaiti m'mabowo ndi kuyatsa. Ayenera kukhala munthu woyesedwa mayeso, wokhala ndi laisensi yolembedwa dzina lace. Adziwanso kuti nyumba yosungiramo dainamaiti, imene ku mgodi aicha magazini, imangidwa patali ndi nyumba za anthu, ndi kuti kanthu kali konse kolowamo kapena koturukamo kalembedwa m'buku. Anyamata ena oyamba kumene nchito ayesa kuti malamulo amenewa ndi njira ya akuru yotopetsera anthu cabe. Koma tikabwerera m'mbuyo tipeza kuti ambiri a malamulowo analembedwa anthu atacokera ku maliro. Tipezanso kuti laisensi yomweyo, imene inapangidwira kusunga moyo, inasandutsidwa mpanda wotsekereza munthu wakuda kuti asakwere pa nchito. Tiyeni tiziyambe pa ciyambi.

Moto, madzi ndi wonga

Anthu akale, kuno ku Africa ndi ku Ulaya komwe, analibe cophulitsira. Akafika pa thanthwe louma anali kusonkhapo moto waukuru, ndipo mwala utatentha anali kuthirapo madzi kuti ung'aluke. Mkuwa wa ku Kansanshi unakumbidwa zaka mazana ambiri Azungu asanafike, ndi zida za citsulo ndi mphamvu ya manja. Nchito inali yocedwa, ndipo munthu anali kukalamba dzenje lisanapite patali.

Wonga, umene makolo athu anaudziwa cifukwa ca mfuti za gogodela, unayamba kugwira nchito m'migodi m'caka ca 1627, ku mudzi wa Schemnitz, umene lero uchedwa Banská Štiavnica, m'dziko la Slovakia. Wonga unafulumizitsa nchito, koma unadza ndi bvuto lace: munthu auyatse bwanji ndi kupeza nthawi ya kuthawa? Anthu a m'migodi anali kuthira wonga m'mapesi a udzu kapena m'nthenga za tsekwe zolumikizalumikiza, nayatsa nsonga yace. Nthawi zina moto unali kuthamanga koposa munthu. Nthawi zina unali kuoneka ngati wazima, ndipo munthu pobwerera kukaona, pomwepo mwala unali kumphulikira kumaso. Midzi ya ku migodi inadzala ndi akhungu ndi anthu oduka zala.

Ku Cornwall, dera la migodi ku England, kunali munthu wogulitsa zikopa dzina lace William Bickford. Iye sanali wa mu mgodi, koma anali kuona anansi ace ali kupunduka. Ataona m'mene opota zingwe acitira nchito yao, anaganiza zopota ulusi mozungulira kamzere ka wonga ndi kumata phula kunja kwace kuti madzi asalowe. Mu 1831 anaturutsa cingwe cimene ife ticicha fyuzi. Ubwino wace unali umodzi, koma waukuru: fyuzi ipsa ndi liwiro lodziwika, kotero kuti munthu akayesa utali wace adziwa nthawi imene ali nayo. Kuyambira pamenepo kuphulitsa kunasanduka nchito yoyesedwa ndi muyeso, yokhoza kuphunzitsidwa ndi kuikidwira malamulo.

Mafuta a Nobel

M'caka ca 1847 katswiri wa mankhwala wa ku Turin, m'dziko la Italy, dzina lace Ascanio Sobrero, anapanga madzi ena onga mafuta ochedwa nitroglycerine. Mphamvu yace inaposa ya wonga kutalitali, koma anali mafuta osacedwa kupsa mtima: kungogunda botolo lace, kapena kulisiya potentha, kunali kokwanira kuti aphulike. Sobrero mwini anacita nao mantha, nacenjeza anthu kuti awaleke.

Amene anakana kuwaleka ndiye Alfred Nobel wa ku Sweden. Iye anapeza njira yowaphulitsira pa nthawi imene munthu afuna, ndiyo kacitsulo kakang'ono kokhala ndi mankhwala aukali, kamene ku mgodi akacha detonator. Koma mtengo wace unali wowawa. Mu September 1864 nyumba yace yopangiramo mafutawo ku Heleneborg, mu mzinda wa Stockholm, inaphulika, nipha anthu asanu, mmodzi wa iwo ndiye mphwace Emil. Akuru a mzinda analetsa kupanga mafutawo pakati pa nyumba za anthu, ndipo Nobel anasamutsira nchito yace pa bwato lalikuru loima pa nyanja ya Mälaren. Ciletso cimeneco cinali ndi nzeru imene tikali nayo lero: cinthu coopsa cikhale kutali ndi anthu ambiri.

Mafutawo anayamba kutumizidwa m'maiko, ndipo kumene anapita imfa inali kuwalondola. Mu April 1866, ku San Francisco, anthu a mu ofesi ya kampani yonyamula katundu ya Wells Fargo anaona bokosi liri kudontha mafuta. Posadziwa cimene cinali m'katimo anatenga hamala ndi cizulo kuti alitsegule, ndipo anthu oposa 10 anafera pomwepo. Mu December 1867, ku Newcastle, kunapezeka zitini za mafutawo zosungidwa m'cipinda capansi pakati pa tauni. Mkuru wina wa mzindawo, John Mawson, amene anali wodziwa za mankhwala, anapita nazo kudambo kuti akazitaye, koma zinaphulika, ndipo iye anafa pamodzi ndi anthu ena. Mu June 1869, pa mudzi wa Cwm-y-glo ku Wales, ngolo ziwiri zonyamula mafutawo kupita kokumba miyala zinaphulika pamseu. Caka comweco Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inaletsa kupanga, kuitanitsa, kugulitsa kapena kunyamula nitroglycerine popanda cilolezo ca Boma.

Pa nthawi imeneyo Nobel anali atapeza kale mankhwala a bvutoli. Anaona kuti mafutawo akamwerera m'dothi lina lopepuka lochedwa kieselguhr, magawo atatu a mafuta pa gawo limodzi la dothi, asanduka phala louma limene munthu akhoza kulikulunga m'pepala ndi kulinyamula. Ameneyu ndiye dainamaiti, wa m'caka ca 1867. Mu 1875 anapanganso mtundu wina wonga utomoni, wamphamvu koposa ndi wosaopa madzi, umene unathandiza kwambiri m'migodi yonyowa. Nobel analemera ndithu, ndipo cuma cimene anasiya pomwalira mu 1896 ndico cipereka mphotho zochuka zochedwa ndi dzina lace.

Komatu dainamaiti sanaleke kukhala woopsa. Akakhalitsa, kapena akasungidwa potentha, aturuka thukuta, ndipo thukutalo ndi mafuta omwe aja a Sobrero. Akazizidwa kwambiri auma gwa, ndipo anthu ambiri a ku maiko ozizira anafa poyesa kumfewetsa pamoto.

Lamulo la 1875

Malamulo oyamba anali odukaduka: lina la wonga, lina la nitroglycerine, ndipo panalibe munthu woyendera kuona ngati asungidwa. Mu August 1871 fakitale ya zophulitsira ku Stowmarket inaphulika, nipha anthu 28. Boma linatuma msilikali wodziwa za mizinga, dzina lace Vivian Majendie, kukafufuza, ndipo iye anayamba kuumiriza kuti pakhale lamulo limodzi logwira zonse.

Cimene cinatsiriza mkangano cinacitika mu London mwenimweni. Mbandakuca wa pa 2 October 1874, bwato la katundu lochedwa Tilbury linali kuyenda pa mfuleni wodutsa m'mbali mwa Regent's Park. M'bwatomo munali wonga wokwana matani 5 pamodzi ndi migolo ya mafuta a petulo, ndipo m'kacipinda ka amalinyero munali moto. Pofika pansi pa mlato wa Macclesfield bwatolo linaphulika. Amuna atatu a m'bwatomo anafa, mlato unagwa, ndipo mazenera a nyumba za anthu olemera a pafupipo anasweka onse. Anthu anagwidwa mantha kuti zirombo za m'khola la nyama limene liri pafupi zituruka. Imfa zimene zinali kucitika kutali, m'migodi ya amphawi, tsopano zinagogoda pa khomo la opanga malamulo. Caka cotsatira, 1875, lamulo lochedwa Explosives Act linakhazikidwa, ndipo Majendie anakhala mkuru woyamba wa oyendera zophulitsira, nagwira nchitoyo kufikira imfa yace mu 1898.

Tiyeni tione zimene lamulolo linanena, pakuti ndilo kholo la malamulo a maiko ambiri amene analamulidwa ndi Britain. Linati munthu asamange fakitale kapena magazini popanda laisensi, ndipo pofunsira laisensi aonetse cithunzi ca malowo ndi kutalika kwace kucokera ku nyumba za anthu. Linaika malire a kucuruka kwa zophulitsira m'nyumba iri yonse, ndi malire a anthu ololedwa kugwiramo nchito nthawi imodzi, kuti ngozi ikagwa itenge owerengeka. Malamulo ace analetsa macisi, fodya ndi zida za citsulo zothetheka moto, ndipo anchito anapatsidwa zobvala zopanda matumba ndi nsapato zopanda misomali. Anaika mapakidwe a mabokosi ndi zolemba pamwamba pace, kuti wina asadzatengenso hamala monga anacitira a ku San Francisco. Zophulitsira za mtundu watsopano zinayenera kuyesedwa ndi katswiri wa Boma zisanagulitsidwe. Ndipo ngozi iri yonse inayenera kunenedwa kwa oyendera, kuti cifukwa cace cidziwike ndi kulembedwa, anthu ena aphunzirepo.

Tsoka la ku Braamfontein

Golidi atapezeka ku Johannesburg mu 1886, dziko la Transvaal linasanduka msika waukuru wa dainamaiti, pakuti mwala wa ku Joni ndi wouma ndipo golidi ali pansi kwambiri. Boma la Paul Kruger linapatsa kampani imodzi yokha ufulu wa malonda a dainamaiti, ndipo eni migodi anadandaula kwambiri za kukwera kwa mtengo wace. Dandaulo limenelo linali limodzi la zinthu zimene zinakoleza udani pakati pa Mabunu ndi Angerezi nkhondo ya 1899 isanayambe.

Mu February 1896 matiroko a sitima 8, onyamula mabokosi a dainamaiti pafupifupi 2,300, ndiwo matani oposa 50, anaimikidwa pa siteshoni ya Braamfontein, pakati pa nyumba za anthu. Anakhala padzuwa la cirimwe ca kumeneko masiku atatu osatsitsidwa. Masana a pa 19 February sitima yosuntha matiroko inawagunda. Pamene panali njanji panatsala cidzenje cacikuru cotalika mafiti oposa 200. Makomboni a Vrededorp ndi Fordsburg ndi ena oyandikana nao, kumene kunali kukhala amphawi a mitundu yonse, anafafanizika. Anthu oposa 70 anafa, mazana anapweteka, ndipo pafupifupi 3,000 anasowa pogona. Akufa ena sanadziwike ndi maina omwe.

Pa tsoka limenelo palibe munthu anafuna kupha mnzace. Ali yense anangosiya kanthu kakang'ono kuti wina adzakacite mawa. Ndico cifukwa cace malamulo a kunyamula zophulitsira afuna kuti katundu wotere asagone m'njira popanda cifukwa, asaime pakati pa tauni, akhale ndi zizindikiro zooneka patali, ndiponso pakhale munthu mmodzi wodziwika amene mlandu ukhala pamutu pace kucokera kumene katundu acokera kufikira alowa m'magazini. Caka comweco ca 1896 fakitale yaikuru ya dainamaiti inatsegulidwa ku Modderfontein, kunja kwa Johannesburg. Ina inamangidwa ku Somerset West mu 1903, ndipo mu 1911 South Africa inakhazika lamulo limodzi la zophulitsira la dziko lonse. Migodi ya kuno kwathu inagula dainamaiti wa kumwerako zaka zambiri, wobwera pa njanji.

Laisensi ndi khungu la munthu

Tsono tafika pa mbali yowawa ya mbiri imeneyi. Mu 1893 Nyumba ya Malamulo ya ku Transvaal, poika malamulo a m'migodi, inanena kuti munthu wakuda, Mmwenye kapena Mkaladi asakonze zophulitsira, asazilonge m'mabowo, ndipo asayatse fyuzi. Cifukwa cimene anapereka cinali ca kusunga moyo: anati munthu wosaphunzira angaphe anzace. Kunena kuti wosaphunzira asagwire dainamaiti ndi mau oona. Koma iwo sanafunse za maphunziro kapena mayeso, anangoyang'ana khungu. Limeneli liwerengedwa kuti ndilo lamulo loyamba la tsankho la khungu pa nchito za m'migodi ya kumeneko.

Mu 1911 lamulo la Mines and Works Act linapatsa Boma mphamvu yoika malamulo a ziphaso za nchito, ndipo malamulowo anamana anthu akuda ziphaso m'Transvaal ndi mu Orange Free State. Pamene eni migodi anafuna kucepetsa anchito acizungu kuti asunge ndarama, Azunguwo anaukira mu 1922, ndipo kunali nkhondo yeniyeni m'miseu ya Joni. Mu 1923 bwalo la milandu linagamula kuti malamulo a tsankhowo analibe maziko m'lamulo lalikuru, koma mu 1926 Nyumba ya Malamulo inawabwezera, niwalimbitsa koposa kale. Mu 1956 anawalembanso mwa mau ena.

Cifukwa ninji anakangamira cotere pa kapepala kamodzi? Cifukwa ciphaso ca kuphulitsa ndico cinali khomo. Wopanda ico sakadakhoza kuchedwa mmisiri wa mu mgodi, kapena kukwera kukhala woyang'anira. Amuna ambiri a ku Nyasaland, ku Mozambique ndi kuno kwathu amene anapita ku Joni ndi Wenela anabwera ndi nkhani imodzimodzi: m'malo ambiri manja akuda ndiwo anali kulonga mabowo ndi kuyatsa, mwini ciphaso atakhala pa bokosi cakutali, koma pa tsiku la malipiro ndarama zazikuru zinali kupita kwa mwini ciphaso. Pamenepo lamulo linadzipha lokha, pakuti wogwira nchito yoopsa ndiye amene sanaphunzitsidwe mokwanira kapena kuyesedwa mayeso. Tsankho limeneli linakhala pafupifupi zaka 100. Bungwe la anchito akuda a m'migodi, limene linayamba mu 1982 ndipo mlembi wace wamkuru anali Cyril Ramaphosa, linalimbana nalo kolimba. Lamulo linasinthidwa mu 1987, ndipo anthu akuda oyamba analandira ziphaso za kuphulitsa mu 1988.

Kuno ku migodi ya mkuwa

Kuno zinthu zinayenda njira ina pang'ono. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa mu 1931, wa Nkana mu 1932, wa Mufulira mu 1933, ndi wa Nchanga mu 1939. Lamulo la Northern Rhodesia silinaletse munthu wakuda kutenga laisensi ya kuphulitsa, ndipo akapitao ambiri a pansi anayesedwa mayeso naitenga. Mpanda wa kuno sunalembedwe m'buku la malamulo a Boma ai, unali m'mapangano a pakati pa makampani ndi bungwe la anchito acizungu, limene linayamba mu 1936. Kapitao wakuda anali ndi laisensi m'thumba, anali kutsogolera gulu lace ndi kuphulitsa, koma malipiro ace anali kacigawo kakang'ono ka malipiro a Mzungu womuyang'anira.

Anthu anaziona zimenezi, pakuti laisensi inali umboni wolembedwa ndi Boma lomwe wakuti nchito aidziwa. Pa sitalaka ya 1940 anchito akuda anauza akuru a mgodi kuti alole gulu la akuda okha ndi gulu la Azungu okha agwire nchito padera, kuti cioneke amene aturutsa mkuwa. Mpikisanowo sunaloledwe. Pa 3 April caka cimeneco asilikali anaombera khamu la anthu ku Nkana, ndipo anthu 17 anafa. Pambuyo pace kunadza akuru ofufuza, oyamba otsogozedwa ndi Forster, ena ndi Dalgleish, amene mu 1948 ananena kuti pali nchito zambiri zimene anthu akuda akhoza kuzitenga. Mauwo anagona m'mabuku kufikira bungwe la anchito akuda, lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu kuyambira 1949, linakula mphamvu. Mu 1955 mitundu 24 ya nchito inacotsedwa m'manja mwa Azungu nipatsidwa kwa anthu akuda, ndipo khomo linatsegukiratu dziko litalandira ufulu mu 1964.

Zambia inayamba kudzipangira zophulitsira zace pa fakitale ya Kafironda pafupi ndi Mufulira, ndipo fakitale ya ku Kafue, yotsegulidwa mu 1970, inayamba kupanga mcere wa ammonium nitrate. Mu 1974 Nyumba ya Malamulo inakhazika Explosives Act ya dziko lino. Lamulolo linagwira njira yonse ya zophulitsira: kupanga, kuitanitsa kunja, kusunga, kugula, kunyamula ndi kuphulitsa, ciri conse ndi cilolezo cace, ndipo oyendera a cigawo ca Boma coona za ngozi m'migodi, ku Kitwe, anapatsidwa mphamvu yoyesa anthu mayeso, yopereka laisensi ndi yoilanda.

Zimene mwini laisensi asenza

Tsopano tione ena a malamulo amene mwini laisensi aphunzira, ndi cifukwa ca liri lonse.

Detonator ndi dainamaiti sizinyamulidwa m'bokosi limodzi kapena kusungidwa m'cipinda cimodzi. Detonator ndi kakang'ono koma sikacedwa kupsa mtima; dainamaiti ndi wamkuru koma aphulika msanga akadzutsidwa ndi detonator. Zikomane pa bowo pokha, pa nthawi yace.

Potsendera zophulitsira m'bowo agwiritsa nchito ndodo ya mtengo kapena ina yosathetheka moto. Citsulo cikakhudza mwala citurutsa mbaliwali.

Munthu asaboole pa soketi, ndiko kuti tsinde la bowo lakale limene latsala mwala utaphulika. M'menemo mukhoza kutsala zophulitsira zosapsa, ndipo nsonga ya makina ikazigunda zipha woboola ndi womthandiza. Cifukwa cace mwini laisensi atsuka nkhope ya mwala ndi madzi, nafunafuna masoketi, nawaika zizindikiro, asanalole munthu kuimika makina. Lamulo limeneli ndilo lithyoledwa kawirikawiri, pakuti kuyambira pa bowo lakale kufulumizitsa nchito, ndipo amasiye ambiri a ku migodi anasiyidwa ndi kufulumira kotere.

Bowo likakana kuphulika, anthu ayembekeze nthawi yoikika, imene pa fyuzi ikhala theka la ora kapena kuposapo. Moto ukhoza kunyeka pang'onopang'ono m'kati mwa cingwe osaoneka. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Asanayatse, mwini laisensi aika alonda pa njira zonse zolowera, ndipo mau aja akuti "Cisa!" amveke kwa ali yense. Mwala utaphulika, anthu asalowe kufikira mphepo itacotsa utsi. Utsi wofiirira uja ndi wonyenga: munthu akhoza kuupuma, naturuka ali bwinobwino, nafika kunyumba, koma usiku mapapo ace adzala madzi. Wopuma utsi wotere apite ku cipatala ngakhale samva kuwawa.

Pa migodi yapamtunda, monga wa ku Nchanga, ziphaliwali zikayandikira anthu acoka pa mabowo olongedwa. Inu nonse mudziwa ukali wa mphezi za kuno m'miyezi ya dzinja.

Lotsiriza ndilo la buku. Zimene zaturuka m'magazini zilingane ndi zimene zaphulitsidwa pamodzi ndi zimene zabwezedwa. Kanthu kakasowa, kapita kwina: kwa wopha nsomba ndi dainamaiti, amene aononga mtsinje wonse ndi kuduka dzanja lace lomwe, kapena kwa mbala, kapena kagwera pa dzala pamene mwana adzakatola nakayesa coseweretsa. Inu amai a m'makomboni, mwana akabwera ndi kacitsulo konyezimira konga pensulo yaifupi, kaya kali ndi mawaya kaya kalibe, musakagogode, musakaponye pamoto. Kasiyeni pomwepo, cotsani ana, ndipo itanani apolisi.

Zophulitsira zatsopano, ngozi yakale

Kuyambira zaka za m'ma 1950 migodi inayamba kusiya dainamaiti wa Nobel nitenga zophulitsira zopangidwa ndi ammonium nitrate, mcere womwe uja wa mu feteleza. Pambuyo pace kunadza zina zonga phala, zimene galimoto ipopera m'mabowo, ndipo zikhala ndi mphamvu yeniyeni zitalowa kale m'bowomo. Fyuzi ya Bickford yapatsa malo timapaipi tating'ono ndi madetonator a magetsi, ndipo wophulitsa aima kutali. Zonsezi zacepetsa ngozi ndithu.

Koma cinthu cikaoneka cofatsa anthu acizolowera. Mu April 1947 sitima ya pamadzi yochedwa Grandcamp, yonyamula ammonium nitrate matani oposa 2,000, inagwira moto pa doko la Texas City ku America, ndipo anthu oposa 500 anafa. Pa 4 August 2020 mcere womwewo unaphulika pa doko la Beirut ku Lebanon, nupha anthu oposa 200. Katunduyo anali pa ulendo wa ku Beira, koma anatsitsidwa m'njira nakhala m'nyumba ya katundu zaka zisanu ndi cimodzi, akuru ali kulemberana makalata. Ndi nkhani ya ku Braamfontein yomwe ija, kungosiyana kuti masiku atatu anasanduka zaka.

Ndipo ife tiri nalo bala lathu. Pa 20 April 2005 fakitale ya zophulitsira ya BGRIMM ku Chambishi inaphulika, ndipo anchito pafupifupi 50, ana a dziko lino, anafa nthawi imodzi. Ambiri anali acinyamata. Pa tsiku limenelo lamulo la 1974 linali litakhala m'buku zaka 31, ndipo nzeru ya kucepetsa anthu ndi katundu m'nyumba yoopsa inali itadziwika kuyambira masiku a Majendie. Lamulo lolembedwa silikhoza kudziyendera lokha. Lifuna oyendera okwanira, okhala ndi galimoto yofikira ku malo ndi mtima wosagulika. Lifuna eni nchito ophunzitsa munthu asanamuike pa malo oopsa, ngakhale ali waganyu. Lifunanso anchito ndi mabungwe ao osaopa kunena pamene aona colakwa.

Inu amene muli ndi laisensi, kumbukirani kuti anthu awiri anakulipirirani kapepalako. Woyamba ndi uja anafa kuti lamulo lilembedwe, waciwiri ndi uja anagwira nchitoyo moyo wace wonse namanidwa dzina lace pa pepala. Laisensi ikupatsani mphamvu imene iwo analibe, ndiyo ya kunena kuti, "Pano sitiboola, pano sitilowa, kufikira nditaona ndi maso anga." Wamkuru akakufulumizitsani cifukwa ca matani a tsikulo, dzina lolembedwa pa laisensi ndi lanu, ndipo amuna a m'gulu lanu ali ndi akazi ndi ana oyembekeza kuwaona madzulo. Inunso amene mugwira nchito pansi pa mwini laisensi, musamnyoze pamene akucedwetsani ndi paipi yace ya madzi.

Nthawi yathu yatha. Tsalani bwino nonse, ndipo a shifiti ya usiku muyende bwino.